Mbali Yoyera ya Katoni

Vaileti anachipeza chidutswa cha katoni chija akusesa kuseri kwa vayisi yopanira zitsulo, Loweruka m'mawa, chisanu cha Juni chikadaluma zala. Chinali cha bokosi la sopo, chotalika ngati mkono wake, chokhala ndi maenje anayi ondondozana ndi timabowo ta mabawuti m'mbali. Anachitola kuti akachitaye. Mbali imodzi chinali bii ndi mwaye, ndipo pamwamba pa mwayewo panamatira dzimbiri lofiira. Anachitembenuza asakuganiza kanthu. Mbali inayo chinali choyera, dzina la sopo likuwerengeka lonse.

Tsache linamupulumuka.

Bambo ake, a Gwanda, eni kagalaja ka kuseri kwa mashopu a ku Biwi, anali ndi mawu amene ankawabwereza mpaka kutopetsa: katoni yogwira ntchito imada konsekonse. Tanthauzo lake Vaileti ankalidziwa bwino. Utsi wa injini umatulukira m'maenje anayi a pa hedi, chitsulo chapamwamba pa injini, n'kulowa m'mapaipi anayi otchedwa manifodi, ndiye n'kumapita kumbuyo ku ekizozi. Maenje a hedi ndi a manifodi amayenera kukumana pakamwa ndi pakamwa. Akasemphana, munthu amagoneka katoni pa hedi n'kumaigogoda ndi kahamala mpaka maenje atadulika okha, kenako amakaigoneka pa manifodi, n'kulemba ndi msomali, n'kupala chitsulo chotsalacho ndi gulayinda. Koma katoniyo imaimira gasiketi, yomwe imakhala pakati pa zitsulo ziwirizo. Nkhope imodzi ndi ya hedi, inayo ndi ya manifodi. Ukagoneka nkhope yomweyomweyo konse kuwiri, zonse zimatembenuka ngati pagalasi, ndipo umapala mbali imene unayenera kuisiya. Gasiketi imasowa pogwira, utsi n'kudzipezera njira yakeyake.

Mwaye unali wa hedi. Dzimbiri linali la manifodi. Zonse ziwiri zinali mbali imodzi.

Manifodi imeneyo tsopano inali m'minibasi ya a Rodgers, ndipo minibasiyo inali itanyamuka cha m'ma seveni ndi amayi a Chigwirizano, ulendo wa kumaliro ku Linthipe. Amayi ake a Vaileti anali momwemo. Anakhala kutsogolo chifukwa cha maondo awo osapindika, pampando womwe pansi pake ndi pomwe pamagona injini. Mphira wotsekera m'mphepete mwa mpandowo unavunda kalekale. Vaileti anaona yekha dzulo lake, akutsitsa mpando, kuti mpata wake chala chimalowa.

Momwe zinafikira pamenepa, ndi anthu awiri okha amene ankadziwa. Maso a bambo ake anayamba kuchita chifunga chaka chathachi. Manja awo ankadziwa injini ngati momwe lilime limadziwira mano, koma mzere wa msomali pachitsulo sankauonanso. Vaileti atangolemba mayeso a folomu folo, bambo akewo anamuitanira m'kashedi ka malata n'kumuuza, asakumuyang'ana, kuti azibwera kudzawasesera. Kusesa ankasesadi. Koma ntchito iliyonse yofuna maso inkalowa m'kashedimo, iye n'kulemba, akukanda mzere mozama kuti chala cha bambo ake chiumve. Kunja anthu ankangoona mwana wamanyazi wotsuka masipanala. Makaniko wosaona ndani angamupatse galimoto?

Lachinayi manifodi ya a Rodgers inang'aluka. Iwo anakatola ina ku Mchesi kwa ogulitsa zida za magalimoto ophwasulidwa, ya injini ya mtundu wina, yomwe mabawuti okha ndiwo ankagwirizana. Lachisanu masana Vaileti anadula katoni pa hedi a Rodgers atapita kukagula tchipisi. Anali atangolowa nayo m'kashedi pomwe iwo anatulukira pakhomo, tchipisi m'manja, akufuna chokhalira. Iye anabisa katoni kumbuyo. A Rodgers anamuseka, amvekere kodi achemwali mukubisa kalata ya chibwenzi, nanga mnyamata wake amalemba pabokosi la sopo? Vaileti anangoyang'ana pansi, makutu akutentha. Atatuluka, anagoneka katoni ija mofulumira, n'kulemba, mtima ukadali kuphaphatika ndi manyazi. Sanaitembenuze.

Bambo ake anapala motsatira mzere wake, akumukhulupirira monga mwa masiku onse. Pomwe ankaliza injini, a Ralph, owotcherera zitsulo a khomo loyandikana, anali akudula chitsulo, phokoso lake logonthetsa m'kutu. A Rodgers anaponda mafuta kawiri katatu n'kunena kuti yabadwanso. Vaileti ankaona ngati akumva kaphokoso kena pansi pa phokoso lonselo, tse tse tse, ngati munthu akutsonya. Anafuna kunena. Koma panali amuna atatu, ndipo onse anali akumwetulira.

Tsopano anaima m'kashedi, katoni ili m'manja.

Anayesa kudzilimbitsa mtima. Mwina gasiketi yagwirabe. Mwina utsi ukutsikira pansi, mphepo n'kuutenga. Minibasi zingati zimayenda mu Lilongwe muno zikutuluka utsi paliponse? Koma zimenezo zimayenda mawindo ali pululu, kondakitala mutu uli kunja, zikuima pa siteji iliyonse. Iyi inali pa ulendo wautali, mwezi wa Juni, yolunjika kumphepo ya ku Dedza. Ndipo amayi ake ankadana ndi mphepo kuposa china chilichonse. M'mawa womwewo, akukwera, Vaileti anawamva akuuza a Rodgers kuti atseke mawindo onse, iwo sakufuna kukafika pamaliro a eni ake akutsokomola ngati ndiwo odwala.

Anakumbukira banja lina la ku Kawale, adakali folomu thu. Analowetsa mbaula m'nyumba chifukwa cha kuzizira, n'kutseka chitseko. Anthu anachita kuthyola chitsekocho. Aphunzitsi a sayansi anafotokoza m'kalasi sabata yomweyo kuti mpweya umenewo, wa makala ndi wa injini, ndi umodzi, ndipo sukutsamwitsa, sukudzidzimutsa. Umayamba ndi kamutu, kenako tulo tokoma. Munthu amafa akuganiza kuti akupuma.

Anatulutsa kafoni kake n'kuimbira amayi ake. Inaitana mpaka kuduka yokha. Anaimbanso. Kachitatu anachita kuiona m'maganizo foniyo, ili pansi pa chikwama, pansi pa buku la nyimbo ndi chitenje chapadera, yotsekedwa mawu monga ankachitira amayi ake popita kumaliro. Nambala ya a Rodgers analibe. Inali m'foni ya bambo ake, ndipo foniyo inali m'thumba la pachifuwa la ovolosi yawo.

Anasuzumira panja. Bambo ake anakhala pa tayala lakale akuothera dzuwa, kapu ya tiyi m'manja. Pambali pawo panali a Ralph ndi mbatata yootcha, ndi mkulu wina wa takisi amene ankadikira kuti amuonere mabuleki. Onse ankaseka nkhani ya mpira.

Kuchokera pakhomo la kashedi kukafika pa tayala lija panali mapazi khumi. Vaileti anali asanalankhulepo pamaso pa amuna atatu popanda kufunsidwa. Ngakhale kusukulu yankho ankalidziwa koma dzanja linkalemera. Ndipo akanati chiyani? Kuti ndalemba molakwika? Pomwepo a Ralph akanafunsa kuti iwe ukulemba bwanji, bambo ako alipo? Pofika madzulo Biwi yense akanadziwa. Anaganiza zodikira kuti mkulu wa takisi achoke. Anaganiza zowaitanira bambo ake m'kashedi, koma iwo akakhala ndi anzawo ankangoti ndikubwera, n'kutha theka la ola. Anayang'ana nthawi pafoni. Eyiti inali itadutsa. Minibasi inayenera kuzungulira ku Kawale ndi ku Area 23 kutenga amayi ena, ndiye pofika pano inali itakwera msewu waukulu. Theka la ola linali Linthipe, kapena dzenje la m'mbali mwa msewu.

Sanadziwe momwe miyendo inayambira kuyenda.

A Ralph ndiwo anayamba kumuona. Anati apongozi abwera, ndipo anamufunsa ngati zotsatira za mayeso zatuluka, poti nkhopeyo inali ya munthu wolephera masamu. Mkulu wa takisi anaseka. Vaileti anagwada pafupi ndi bambo ake. Anangowalanda kapu ija, n'kuika katoni m'manja mwawo.

A Gwanda anayendetsa chala chachikulu pamwamba pake. Chinatereka pa mwaye, chinakhakhala pa dzimbiri. Anaitembenuza. Chala chinayenda papepala louma, losalala, kuchokera kumapeto kufika kumapeto. Anabwerezanso. Kumwetulira kwa mpira kuja kunatsala pankhope pawo kwa kanthawi ngati kwaiwala njira yochokera.

"Iyi ndi ya kwa Rodgers?"

"Eya, adadi."

"Mayi ako akhala pati?"

"Kutsogolo. Mawindo anatseketsa."

Anapisa m'thumba n'kutulutsa foni. Anaibweretsa pafupi ndi mphuno, anaitalikitsa, chala chikungozungulira pamwamba. Masiku onse ankati manja anga ali ndi girizi, tandiimbira mwanawe. Lero manja anali atangosamba kumene, akumwera tiyi, ndipo a Ralph anali akuwayang'anitsitsa.

"Sindikuona," anatero a Gwanda, mawu ali phee, ngati akunena za nyengo. "Manambalawa sindiwaona, Vai. Imba ndiwe."

A Ralph anasiya kutafuna.

Foni inaitana nthawi yaitali. Vaileti anaitsegula mawu kuti onse amve, n'kuigwira ndi manja awiri. Kenako kunamveka mkokomo wa injini, ndi mawu a a Rodgers, olemera, okokakoka ngati a munthu wodzutsidwa. Anati adutsa pa Nathenje, galimoto ikuthamanga ngati mwana, koma mutu ndi womwe ukuwawawa, kaya ndi malungo. Anasekako pang'ono n'kuwonjezera kuti kwaya yawo yathera pa Nanjiri, amayi onse ali duu, ndipo amayi a Gwanda, amayi ake a Vaileti aja, atsamira paphewa pawo ngati pilo.

A Gwanda anayamba kulankhula, koma mawu anawapiringizika. Anatchula gasiketi, anatchula mabawuti, anabwerera ku gasiketi. A Rodgers anati sakumva bwino, aimbanso akafika.

"Ankolo, imitsani galimoto."

Vaileti anadabwa nawo mawu akewo. Sanapereke moni. Sanati pepani.

A Rodgers anafunsa kuti akulankhula ndani. Atamva, anati achemwali a bokosi la sopo, galimoto ya maliro siingoima patchire ngati ya nkhuni, achedwa kale, mwambo uyamba iwo ali panjira. Anati aima pa Chimbiya. Mawu akuti Chimbiya anawatchula kawiri, koyamba atawaphonya.

"Simufika pa Chimbiya," anatero Vaileti. "Manifodi ija ndinalemba ndine, si adadi. Ndinalemba mozondoka. Utsi ukulowa pansi pa mpando wanu. Mutuwo si malungo, ndipo amayiwo sakugona. Imitsani pomwepo, mutsegule zitseko zonse, muwatulutse."

Mkokomo wa injini unangopitirira, wofanana, wosasintha. Vaileti anaona m'maso mwake msewu ukukhota, minibasi osakhota. Anaitana dzina lawo. A Ralph anawerama pafoni n'kukuwa ndi mawu awo a m'shopu ya zitsulo kuti Rodgers, ponda buleki.

Kenako miyala inalira pansi pa matayala. Injini inazima. Chitseko chinakhuluka.

A Rodgers ayenera kuti anaponya foni pampando osaidula, chifukwa zonse zinkamveka chapatali. Wina anatsokomola. Mayi wina anadandaula kuti tafika kale kodi, mwendo wanga wachita dzanzi. Wina anayamba kusanza. A Rodgers ankawauza kuti atsike, atsike onse, akhale pa udzu. Kenako mawu awo anayandikira foni.

"Amayi a Gwanda. Amayi. Tadzukani."

Anabwereza. Kunamveka kuwomba kwa dzanja patsaya, mopepuka, kenako mwamphamvu. Mayi wina anayamba kutchula dzina la Yesu mobwerezabwereza. Foni inaduka.

Vaileti anaimbanso, osayankhidwa. Anaimbanso. Mkulu wa takisi anavula chipewa, kenako anachivalanso msanga, ngati wazindikira zomwe kuvulako kukutanthauza. A Ralph anataya mbatata ija, n'kupita kukaliza kapikapu kawo konyamulira mageti.

Anakhala atatu kutsogolo, Vaileti pakati. Bambo ake anali akadagwirabe katoni ija pamaondo. Foni inali m'manja mwa Vaileti, ndipo ankaiyang'ana ngati ikhoza kuluma. Ankafuna ilire. Ankaopa kuti ilira. M'mutu mwake munkangobwera zinthu zazing'ono: kuti m'mawa amayi ake anamutuma kusita duku loyera, iye n'kulisita monyinyirika, kuti anamuuza aviike nyemba ndipo sanaviike. Anayesa kupemphera koma mawu okha amene ankabwera anali akuti sindinaitembenuze, sindinaitembenuze.

Za maso zija a Ralph sanafunse. Koma atadutsa pamphambano ya ku Bunda anayamba kumanena okha zomwe zili kutsogolo, kuti apa pali hampu, apa thiraki yaima, uko apolisi koma sakutiimitsa. Ankanena akuyang'ana msewu, ngati akudzilankhulira. A Gwanda ankangogwedeza mutu.

"Ndinakubisa m'kashedi ndine," anatero bambo ake mwadzidzidzi, osatembenuka. "Ntchito ya maso imafuna poyera."



Foni inalira atangodutsa pa Nanjiri. Nambala yachilendo. Chala chake chinakana kawiri chisanadine. Anali mayi wachikulire, mmodzi wa a Chigwirizano, ndipo anayamba ndi moni wonse, kufunsa ngati kunyumba adzuka bwino. Vaileti anayankha moniwo mano akugundana. Mayiyo anafotokoza pang'onopang'ono kuti lole ina inaima, anawanyamula amayi a Gwanda ndi ena awiri kupita nawo kukachipatala kapafupi, ndipo ali panjira, mphepo ikuwawomba kumbuyo kwa lole, anatsegula maso n'kusanza pa chitenje cha amayi abusa. Tsopano awaika chopumira. Adokotala akuti agone konko mpaka mawa. Akuti pakanadutsa mphindi zina pang'ono, bwenzi nkhani ili ina.

Kenako kunamveka kukangana, wina akuti musachotse chimenecho, ndi mawu ena ofooka, okalipa.

"Vai? Nsapato yanga imodzi yatsala m'galimoto ya Rodgers. Yakumanzere. Usaisiye."

Vaileti anati eya amami, ndipo anafuna kunena zambiri, koma chomwe chinatuluka chinali kulira kwa mwana wamng'ono, kokweza mapewa. Bambo ake anafufuza mutu wake ndi dzanja, analiphonya koyamba n'kugunda galasi lakumbuyo, kenako analipeza.

Minibasi anaipeza kupitirira Kamphata, itapendekera m'mbali mwa msewu, zitseko zonse zili yasa. Tayala lakutsogolo linaima chikhatho chimodzi kuchokera pa ngalande. Amayi otsala anakhala pa udzu, maduku oyera ali mbee padzuwa, ena atagwira mitu. A Rodgers anakhala paokha pansi pa mtengo, thaulo lonyowa lili pamutu.

A Gwanda anauza Vaileti kuti akweze mpando. Fungo linamuwomba kumaso. Pamwamba pa dzenje lachitatu ndi lachinayi, pomwe manifodi imakumana ndi hedi, panali mizere iwiri yakuda ya mwaye watsopano, yolunjika m'mwamba, kumpata womwe amayi ake anakhalapo. Anagwira chala cha bambo ake n'kuchiika pamenepo. Chitsulo chinali chikadali chofunda. Nsapato ija inali pansi pa dashibodi.

A Rodgers anabwera akuyenda ngati woponda pa matope. Anayang'ana mwaye uja, anayang'ana a Gwanda, kenako Vaileti. Iye anakonzeka kutukwanidwa, ndipo pena ankafuna atatukwanidwadi.

"Ndiye chaka chonsechi," anatero a Rodgers, "galimoto yanga imakonzedwa ndi ndani?"

"Manja ndi anga," anayankha a Gwanda. "Maso ndi awa. Ukafuna kupita kwina, sindikuletsa."

Amayi a pa udzu aja ankamvetsera, ndipo Vaileti anadziwa kuti pofika Lamulungu nkhaniyi idzakhala itazungulira tchalitchi chonse. A Rodgers anachotsa thaulo, analifinya, analibwezera pamutu. Anati za kupita kwina aziona mutu ukasiya kuwawa. Pakali pano iwo sakweranso m'menemo, ngakhale atawalipira.

A Ralph anali atagwada kale akusuzumira. Anati pomwe papalidwa molakwika akhoza kudzazapo ndi moto Lolemba, chitsulo n'kubwerera, koma kulembanso si ntchito yawo. Anapita kumbuyo kwa pikapu, anakhuthula ndodo zowotcherera zomwe zinali m'bokosi, anang'amba mbali imodzi ya bokosilo n'kumupatsira Vaileti pamaso pa anthu onse.

"Lolemba ulembere panja," anatero. "Pabenchi yanga pali dzuwa. Wina akakuseka undiuze."

Vaileti analandira ndi manja awiri. Katoniyo inali yoyera konsekonse. Anaipanira m'khwapa, anatola nsapato ya amayi ake, n'kufunsa a Rodgers, mawu akadali aang'ono, kuti kuchipatalako ndi mbali iti.